Antchito adutsa 50, inshuwalansi ikufunika, koma za kulera mtima wanga ukukana

Nachisale, South Bend

Anzanga a ntchito yosamalira okalamba m'makomo, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Wotiwerengera ndalama wandiuza kuti chaka chino cha 2025 tadutsa malire a antchito 50, ndiye malinga ndi lamulo la kuno ku America la Affordable Care Act, chaka chamawa tiyenera kuwapatsa inshuwalansi ya kuchipatala. Zimenezo sindikukana ayi. Atsikana anga amanyamula agogo kuwachotsa pabedi kupita nawo kubafa tsiku ndi tsiku, misana ikuwapweteka, ndipo ndakhala ndikulakalaka nditawachitira zimenezi kalekale.

Pamene pavuta ndi apa. Mapulani atatu amene broker, munthu wotigulitsa inshuwalansi, wandibweretsera onse ali ndi njira zolera, mpaka lupu ndi mapiritsi apangozi aja omwa m'mawa mwake. Ine ndine Mkatolika, ndinakulira ku Bembeke, ndipo kampaniyi ndi ya ine ndi amuna anga basi. Kuti dzina langa likhale pa cheke cholipirira zimenezo, chikumbumtima chikunditsutsa. Broker akuti palibe chochita. Wina kutchalitchi wanditchulira za mlandu wa Hobby Lobby, kampani imene inakana kulipirira antchito ake njira zina zolera. Amene munadutsamo, ndithandizeni.

A Phiri, Fort Wayne

Achemwali, musavutike. Igaweni kampaniyo pawiri, ina m'dzina lanu ina m'dzina la bambo akunyumba, iliyonse ikhala pansi pa 50. Kapena ena muwaike pa 1099, ngati anthu odzigwirira okha ntchito pa kontrakiti, osati antchito anu. Palinso magulu achikhristu osonkherana ndalama za kuchipatala ngati Medi-Share, amenewo salipira zimene mukukanazo.

A Mbewe, Indianapolis

Achimwene a Phiri, pepani, ndikutsutsani pa zonse zitatu, chifukwa ndimachita payroll ya makampani angapo ngati athuwa ndipo ndaonapo anthu akulira nazo. Makampani awiri a banja limodzi ochita ntchito imodzi, a IRS, bungwe lotolera misonkho, amawaphatikiza n'kuwawerenga ngati amodzi. Munthu amene mumamupangira ndandanda ya mashifiti, kumuuza nyumba yoti apite ndi nthawi yake, ameneyo ndi wantchito wanu, kumulemba pa 1099 n'kudziputira mlandu wina wa misonkho. Ndipo magulu osonkherana aja si inshuwalansi, lamulo la Affordable Care Act siliwawerengera ngati mwakwaniritsa udindo wanu.

Mayi Nachisale, tiyambe taona ngati mwadutsadi. Sawerenga mitu ya anthu chabe. Wa full-time ndi amene amagwira maola 30 pa sabata kapena 130 pa mwezi. A maganyu aja mumaphatikiza maola awo a pamwezi n'kugawa ndi 120. Kenaka mutenge avereji ya miyezi yonse 12. Tipatseni manambala.

Nachisale, South Bend

A full-time ndi 41, ndipo nambalayi sinasinthe kwenikweni chaka chonse. A maganyu ndi 18, aliyense amagwira maola pafupifupi 80 pa mwezi.

A Mbewe, Indianapolis

Ndiye 18 kuchulukitsa ndi 80 ndi 1,440, kugawa ndi 120 tipeza 12. Kuphatikiza ndi 41, muli pa 53. Mwadutsadi mayi.

Mukapanda kupereka kalikonse, ndipo wantchito mmodzi yekha wa full-time n'kukalandira thandizo la boma pogula inshuwalansi pa Marketplace (msika wa boma wogulirapo inshuwalansi), chindapusa cha 2026 ndi $3,340 pa munthu, atachotsapo anthu 30 oyamba. Kwa inu ndi anthu 11, kutanthauza $36,740 pa chaka, ndalama yosachotsedwa pa msonkho, ndipo atsikana anu osapindula nayo ngakhale tambala. Alipo eni makampani amene amasankha kungolipira chindapusacho. Ine sindingakulangizeni zimenezo, chifukwa mwanena nokha kuti mukufuna kuwathandiza.

Chimene chingakupatseni mpweya n'chakuti ichi ndi chaka chanu choyamba. Mukapereka inshuwalansi yoyenera pofika pa 1 Epulo, miyezi itatu yoyambayo sakulipiritsani.

Nangondo, Mishawaka

Ine ndimagulitsa inshuwalansi, ndiye ndiyankheko mbali ya Hobby Lobby. Broker wanuyo sananene zoona kuti palibe chochita, mwina sanakumanepo nayo nkhani yotere.

Mlanduwo unagamulidwa ndi Supreme Court pa 30 Juni 2014, oweruza asanu kuvomereza, anayi kukana. Eni ake ndi banja la a Green a ku Oklahoma City, ndipo anali limodzi ndi banja la a Hahn, a mpingo wa Mennonite, eni fakitale ya zamatabwa ya Conestoga Wood Specialties ku Pennsylvania. Iwo sanakane njira zonse zolera. Pa njira 20 anakana zinayi zokha: mapiritsi apangozi a Plan B ndi ella, ndi mitundu iwiri ya lupu. Khoti linati pansi pa lamulo la 1993 la Religious Freedom Restoration Act, kampani ya eni ake ochepa singakakamizidwe kulipira zotsutsana ndi chipembedzo chawo pamene boma lili ndi njira ina yofewerapo yowafikitsira amayi thandizolo. Kampani ya inu ndi bambo ili m'gulu limenelo.

Pambuyo pake, mu 2018, boma linakhazikitsa malamulo opatsa olemba ntchito mpata wongotulukamo kotheratu, ndipo mu Julayi 2020 Supreme Court inati boma linali ndi mphamvu yochita zimenezo, pa mlandu wa masisitere a Little Sisters of the Poor. Koma mu Ogasiti 2025 woweruza Wendy Beetlestone wa ku Philadelphia anawathetsa malamulo a 2018 aja, ndipo masisitere achita apilo. Ndiye pulani ya antchito anu musayitsamiritse pamenepo, nthaka yake ikugwedezeka.

Njira imene yakhalapo kwa nthawi ndi ya fomu yotchedwa EBSA Form 700. Mumasaina kuti mukukana pa chifukwa cha chipembedzo, n'kupereka ku kampani ya inshuwalansi, kapena kulembera unduna wa zaumoyo. Kampaniyo imachotsa za kulera mu pulani yanu, n'kumawalipirira antchito payokha, osatenga pa ndalama zanu kapena zawo. Mutha kukana njira zonse kapena zina zokha.

Chimene musayese n'kungouza broker pakamwa kuti azichotse mwakachetechete. Pulani yosatsata lamulo chindapusa chake ndi $100 pa tsiku pa munthu aliyense wokhudzidwa. Chimenecho chingatseke kampani.

Nabanda, Berrien Springs

Achemwali anga, ndilankhule ngati namwino komanso ngati mlongo wanu mwa Ambuye, ngakhale ine ndine wa Sabata ndipo mpingo wathu sutiletsa kulera m'banja.

Choyamba, za Plan B. Mu Disembala 2022 a FDA, bungwe la boma loona za mankhwala, anasintha mawu a pa paketi yake, kufotokoza kuti mankhwalawa amagwira ntchito pochedwetsa kapena kuletsa dzira kutuluka, ndipo sachotsa mimba. Ngati chimene chikukuwawani ndi kuopa kutaya moyo umene wayamba kale, mudziwe zimenezo. Ndikudziwa kuti chiphunzitso cha mpingo wanu chimapitirira pamenepo, ndipo sindikufuna kukuphunzitsani katekisimu.

Chachiwiri ndi chimene chimandikhudza kwambiri. Mapiritsi omwewo ndi lupu ya mahomoni timawagwiritsanso ntchito ngati mankhwala. Amayi akuda ambiri tili ndi zotupa za m'chiberekero, ena amataya magazi kwambiri akakhala kumwezi mpaka magazi kuchepa m'thupi, ena ululu wa endometriosis umawagoneka masiku atatu. Ndinali ndi wantchito wina amene ankakomoka pa shifiti, anachira atamuika lupu. Sanali kuganiza zolera n'komwe. Mukachotsa zonse mwachisawawa, munthu ngati ameneyo adzayenera kufotokozera wina za m'thupi mwake kuti athandizidwe, ndipo wina ameneyo asakhale inu. Ndamva kuti ngakhale mpingo wanu sukana mankhwalawa akakhala ochizira matenda. Mufunse bambo mfumu.

Ndipo chilichonse chimene musankhe, musakachiike pa msonkhano wa antchito ngati ulaliki, musafunse aliyense chimene amamwa. Muli ndi antchito oposa 15, ndiye lamulo la Title VII loletsa tsankho pa ntchito likukukhudzani pa nkhani ya chipembedzo ndi ya mimba yomwe. Pakati pa atsikana anuwo alipo Asilamu, alipo a Pentekosite, alipo osapemphera. Iwonso ali ndi chikumbumtima chawo.

Nachisale, South Bend

Nabanda, zikomo, mwandilankhula mosabisa ndipo ndamva. Ine sindikufuna kulowa kuchipinda kwa munthu. Zimene mtsikana achita ndi mwamuna wake kapena ndi dokotala wake, akayankha yekha kwa Mulungu monga inenso ndikayankha zanga. Za odwala aja sindinaziganize, ndipo zandigwira mtima, chifukwa mng'ono wanga anachitidwa opaleshoni ya zotupa zomwezo.

Chimene ndikukana ndi chakuti ine ndikhale wosankha pulaniyo, kusaina, n'kumalipira mwezi ndi mwezi ndikudziwa zimene zili m'katimo. Nangondo, fomu mwanenayo ndaimva, koma kodi si yomweyo imene masisitere anaikana? Ndikasaina ine, ndiye kuti kampani ya inshuwalansi iyamba kupereka chifukwa cha siginecha yanga. Mtima sunakhazikike.

Nangondo, Mishawaka

Ndi yomweyo mayi. Masisitere anati kusainako n'kutsegula chitseko ndi dzanja lawo. Akatolika ena anaiona mosiyana n'kusaina. Pamenepo sindingakuweruzireni.

Ndiye tiyeni tione njira ina imene ndikuganiza kuti ikukwanani bwino. Kuyambira pa 1 Januwale 2020 pali dongosolo lotchedwa ICHRA. Inu simugula pulani ya gulu ayi. Mumangoika ndalama yakutiyakuti pa mwezi kwa wantchito aliyense, yosadulidwa msonkho, ndipo iye amakadzigulira yekha inshuwalansi imene akufuna, m'dzina lake. Inu mumangobweza ndalama ya premium, imene amalipira ku inshuwalansi mwezi ndi mwezi, akaonetsa kuti ali ndi inshuwalansi. Mutha kulilemba dongosololo kuti lizibweza premium yokha, osati malisiti a mankhwala, ndiye palibe pepala la ku pharmacy lidzafike pa desiki panu. Ndalamayo ikakhala yokwanira, udindo wanu wa lamulo mwaukwaniritsa.

Kukwanira kwake amakuyeza chonchi: atenga pulani ya silver (ya gulu lapakati) yotchipitsitsa ya munthu mmodzi m'dera lake ndi msinkhu wake, achotsapo ndalama imene inu mwaika, ndipo yotsalayo isapitirire 9.96 peresenti ya ndalama zimene amapeza, pa chaka cha 2026. Achikulire premium yawo imakhala yokwera, ndiye lamulo limalola kuti muziika zambiri malinga ndi zaka.

Ndisakubiseni, mapulani amene akagulewo adzakhala ndi za kulera. Kusiyana kwake n'kwakuti wosankha ndi wosaina ndi mwini wake.

A Phiri, Fort Wayne

Ndavomera kuti ndinaphonya poyamba paja, zikomo a Mbewe. Koma funso langa: ndalama ikuchokerabe m'thumba mwa achemwaliwa, ndiye chasintha n'chiyani?

Nabanda, Berrien Springs

Malipiro a Lachisanunso amachokera m'thumba momwemo achimwene, ndipo munthu atha kupita nawo ku Walgreens kukagula Plan B popanda kalata ya dokotala. Palibe amene amati bwana wachimwa pamenepo. Ndalama ikalowa m'manja mwa wantchito yakhala yake.

A Mbewe, Indianapolis

ICHRA ndikugwirizana nayo, koma ili ndi minga iwiri imene muyenera kuidziwa musanalonjeze kanthu.

Woyamba: wantchito amene mwamupatsa ICHRA yokwanira amataya mwayi wa thandizo la boma pa Marketplace, ngakhale ataikana. Kwa amene ali ndi ana ambiri ndi malipiro ochepa, zitha kumutsitsa m'malo momukweza. Muwerengere munthu aliyense payekha. Amene ali pa HIP ya kuno ku Indiana kapena Medicaid ina, inshuwalansi ya boma ya opeza zochepa, sangaphatikize ndi ICHRA, koma atha kuikana n'kukhalabe komwe ali, ndipo iwowo sakubweretserani chindapusa. Pa ntchito yathuyi amenewa amakhala ambiri ndithu, ndiye mtengo wake utha kuchepa kuposa mmene mukuopera.

Wachiwiri ndi nthawi. Antchito ayenera kulandira kalata yowadziwitsa masiku 90 dongosolo lisanayambe. Kuti muyambe pa 1 Epulo, kalatayo ikhale itatuluka pofika pa 1 Januwale. Lero tili kale mu Disembala. Musadere nkhawa kuti nthawi yolembetsa pa Marketplace idzakhala itatha, kupatsidwa ICHRA kumawatsegulira nthawi yawoyawo yolembetsa. Komanso muyambe kusunga bwino maola a aliyense mwezi ndi mwezi, chifukwa mafomu a IRS a 1094-C ndi 1095-C adzafunika kumayambiriro kwa 2027.

Pomaliza, loya wodziwa za ERISA, lamulo loyang'anira mapulani a antchito, awerenge chikalata cha dongosololo musanasaine. Ola limodzi kapena awiri akwana.

Nachisale, South Bend

Ndawerenga zonse kawiri, ndawerengeranso bambo akunyumba. Dzulo nditatuluka mu Misa ndinakhala pansi ndi bambo mfumu, ndinawafotokozera njira zonse ziwiri. Anandifunsa mafunso ambiri, makamaka lakuti wosankha pulani ndani ndipo ine ndidzadziwa chiyani. Pa ICHRA mtima wanga wakhala pansi. Pa fomu ija ayi, ndiye ndaisiya.

Nangondo, ndikutumizirani mndandanda wa zaka ndi ma ZIP code a anthu 41 aja, popanda mayina, kuti mundiwerengere pulani ya silver ya aliyense. A Mbewe, ndikufuna tione limodzi amene angataye thandizo la boma, makamaka amayi atatu amene akulera ana okha, tisanaike nambala. Ndikufunanso kudziwa ngati ndingathe kuwaphatikizamo a maganyu 18 aja ngakhale pa ndalama yocheperapo, chifukwa ena mwa iwo ndi amene akhala nane kuyambira pamene ndinali ndi makasitomala anayi okha.

Nangondo, Mishawaka

Zimatheka mayi. A full-time ndi a maganyu lamulo limawalola kukhala magulu awiri osiyana, lililonse ndi ndalama yake. Koma a maganyuwo tiwawerengere mosamala, chifukwa akalandira ndalama yochepayo ndiye kuti thandizo la boma alisiya, ndipo kwa ena kuli bwino kuikana. Tumizani zaka ndi ma ZIP code awonso usiku uno, Lachinayi ndikubwezerani manambala onse kuti loya aone chikalata Khirisimasi isanafike.