Nyimbo ikuthetheka pa kolasi, mita ya master ikufiira: ndiyambire pati?

Mlongoti_Yeoville:
Abale anga, ndikupempha nzeru. Ndikusakaniza mu pulogalamu ya pa kompyuta ya FL Studio nyimbo ya kwaya ya mpingo wathu kuno ku Yeoville, mu Johannesburg, ndipo ili ndi matrack 22 (mawu ojambulidwa paokhapaokha), kuphatikizapo log drum (ng'oma ya mawu okhuthala ya mu amapiano) imene achinyamata anaumirira kuti ilowemo. Track iliyonse payokha ikumveka bwino, koma kolasi ikafika mita ya master (pamene matrack onse amakumana) imafiira, ndipo nditaiyesa m'galimoto ya mnzanga mawu a soprano ankathetheka ngati chimanga chokazinga. Ndinaikapo limiter (chida choletsa mawu kupitirira mulingo), koma nyimbo yangofota.

Nabanda_Rosettenville:
Achimwene, mu digital 0 dBFS (pa muyezo wa kukwera kwa mawu) ndilo denga, ndipo mawu akalifika nsonga zake zimadulidwa, komwe kuli kuthetheka mukukumvako. Matrack akakumana pa master mphamvu zake zimaphatikizana: mawu awiri ofanana ndendende amakwera ndi 6 dB, osafanana amakwera ndi pafupifupi 3 dB, ndiye taganizirani matrack 22 onse ali chokweza. Popeza FL Studio imawerengera mkati mwake mwa 32-bit float (njira imene imalola mawu kupitirira dengalo), track imodzi ikhoza kupitirira 0 osawonongeka, koma potuluka kupita ku sipika kapena ku fayilo ya WAV ya 16-bit, palibenso chifundo.

Zimitsani kaye limiter, tsitsani mafader onse (zokwezera ndi kutsitsira track iliyonse), kenako muyambe ndi log drum, chifukwa mawu okhuthala ndi amene amadya malo ambiri. Onjezani zina chimodzichimodzi mpaka nsonga za master zikhale cha pa -6 dB pamene kolasi yafika pachimake. Pa soprano dulani mawu onse okhuthala a pansi pa 100 Hz, kumene kulibe china koma kugunda kwa mapazi. Mukaona ngati nyimbo yachepa mawu, kwezani volume ya masipika anu, osati mafader.

Mdala_Turffontein:
Zimene anena mayi Nabanda n'zoona, koma ine ndikukayikira kuti vuto linayamba tsiku lojambula. Tsegulani waveform (chithunzi cha mawu) ya soprano, muikulitse pamalo pamene akukuwa kwambiri. Ngati nsonga zake zili zophwatalala ngati tebulo, ndiye kuti gain (mphamvu imene mawu amalowera) ya pa interface, chida cholumikiza maikolofoni ku kompyuta, inali yokwera, ndipo kutsitsa fader kungochepetsa phokoso la mawu owonongeka kale. Pojambula mu 24-bit palibe chifukwa choyandikira denga, ine ndimasunga mawu cha pa -18 dBFS, ndipo ndimayesa gain woimba akuimba mzere wokwera kwambiri, chifukwa amayi athu a kwaya poyesa maikolofoni amanong'ona, koma nyimbo ikawalowa mumtima amaiwala zonse.

Mlongoti_Yeoville:
Bambo, mwalasa. Matrack awiri ndi ophwatalala pa "Aleluya" womaliza, ndipo ndakumbukira kuti kanyali ka pa interface yanga ya Scarlett kanafiira, ine n'kunyalanyaza. Tijambulanso Loweruka. Koma ndikasiya master pa -6 dB, kodi nyimbo siimveka yofooka pafupi ndi za anzathu?

Nabanda_Rosettenville:
Kukweza ndi ntchito ya mastering, gawo lomaliza pokonza nyimbo, ndipo limiter ibwerere pamenepo, denga lake likhale -1 dB true peak (nsonga yeniyeni ya mawu), chifukwa nyimbo ikasinthidwa kukhala MP3 yotumizirana pa WhatsApp nsonga zimatha kukweranso pang'ono. Spotify imalinganiza nyimbo cha pa -14 LUFS (muyezo wa kukwera kwa nyimbo yonse), choncho mukaifinya mopitirira idzangoitsitsa, log drum yanu itataya kale mphamvu. Loweruka muwauze amayiwo abwerere m'mbuyo phazi limodzi akamafika pa "Aleluya".