Kodi mphamvu ya kafukufuku wa Dr Gretchen Birbeck tingaiyeze bwanji?

Wophunzira wa ku Chirunga:
Ndikulemba nkhani ya m'kalasi yokhudza Dr Gretchen Birbeck, katswiri wa matenda a ubongo ndi mitsempha wa ku University of Rochester, amene wakhala akufufuza za khunyu ku Chikankata m'dziko la Zambia ndiponso za malungo a mu ubongo ku Blantyre. Pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti losakira zolemba za ofufuza, ndaona mndandanda wautali wa zolemba zake, pamodzi ndi nambala yotchedwa h-index. Akuluakulu, ndithandizeni: kodi nambala imeneyi ndi yokwanira kusonyeza kuti ntchito ya munthu yapindulitsa ena?

Wosunga mabuku, Zomba:
Mwafunsa bwino, achimwene. Muyezo umenewu anauyambitsa Jorge Hirsch mu 2005, ndipo tanthauzo lake ndi ili: ngati h-index ya munthu ndi 20, ndiye kuti ali ndi zolemba 20 zimene chilichonse chatchulidwa ndi ofufuza ena kosachepera ka 20. Nambalayi imakondera amene akhala nthawi yaitali pa ntchito, komanso amene amafufuza matenda omwe ali ndi ofufuza ambiri. Dziwaninso kuti Google Scholar ndi Scopus, tsamba lina lowerengera zolemba za ofufuza, sapereka nambala yofanana, choncho mutchule kumene mwaitenga ndi tsiku limene mwaiona.

Namwino wa ku Matawale:
Ine ndikupemphani kuti musayambire pa nambala, koma muwerenge kafukufuku mmodzi mpaka kumapeto. Mu 2010, m'magazini ya The Lancet Neurology, Dr Birbeck ndi anzake anasindikiza zimene anapeza atatsatira ana 132 omwe anachira malungo a mu ubongo pa chipatala cha Queen Elizabeth, powayerekeza ndi ana ena 264 amene sanadwale nthendayo. Mwa ana 132 aja, 12 anadzayamba kugwa khunyu pambuyo pake, pamene mwa ana 264 aja panalibe ndi mmodzi yemwe. Chimene chinapatsa kafukufukuyu mphamvu n'chakuti ana 132 aja anali atapimidwa m'kati mwa diso n'kupezeka ndi zizindikiro zimene malungo a mu ubongo amasiya m'menemo, motero kukayika kuti mwina chinawakomola ndi nthenda ina kunali kochepa kwambiri.

Kwa ine zimenezi si nkhani ya m'mabuku chabe. Mayi akabwera ndi mwana amene wayamba kugwa, achibale nthawi zambiri amakhala atagamula kale kuti walodzedwa, ndipo ena amaopa ngakhale kumugwira poganiza kuti khunyu ndi yopatsirana. Ndikawafunsa ngati mwanayo anakomokapo ndi malungo m'mbuyomu, n'kuwafotokozera kuti ubongo ukhoza kuvulala pa nthawi imeneyo koma zotsatira zake n'kudzaoneka patapita miyezi, mayiyo amamasuka ndipo amavomera kuti mwana ayambe kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Zokambirana ngati zimenezi Google Scholar siziwerenga.

Mphunzitsi wopuma, Chinamwali:
Ndikugwirizana ndi amayi anamwino, koma ndiwonjezepo chenjezo. Musapereke ulemu wonse kwa munthu mmodzi. Kafukufuku wa mu 2015 wa m'magazini ya New England Journal of Medicine, amene anasonyeza kudzera mu makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa MRI kuti mwa ana 25 omwe anamwalira ndi malungo a mu ubongo, 21 anali atatupa ubongo kwambiri, ali ndi dzina la Dr Birbeck, koma woyamba pa mndandanda ndi Karl Seydel, wachiwiri ndi Mmalawi mnzathu Sam Kampondeni, ndipo womaliza ndi Terrie Taylor. M'zolemba zachipatala, dzina loyamba kawirikawiri limakhala la amene anasenza ntchito yaikulu, ndipo lomaliza limakhala la mkulu wa gululo. Ntchito yonseyi inamangidwanso pa Blantyre Coma Score, muyezo wa kukomoka kwa ana umene Malcolm Molyneux, Taylor ndi anzawo anaufalitsa mu 1989.

Wophunzira wa ku Chirunga:
Zikomo kwambiri nonse. Ndabwerera ku kafukufuku wa mu 2010 uja ndipo ndapezamo mayina a Yamikani Chimalizeni ndi Kondwani Kawaza, amene poyamba ndinangowadumpha. Amayi anamwino, kodi mungandilole kuti ndidzatchule chitsanzo chanu chija m'nkhani yanga, popanda kulemba dzina lanu?