Chisinhala ndi Chitamil zikubalalika mu InDesign, ndithandizeni

Wa ku Zomba: Akuluakulu, ndapanikizika. Kampani ina yomasulira yandipatsa kapepala ka zaumoyo kopita ku Sri Lanka kuti ndikayale mu InDesign, pulogalamu yoyalira masamba osindikiza. Chitamil chikutuluka ngati zilembo za Chingerezi zosokonekera, pomwe Chisinhala timizere take takhala pena paliponse. Zinenerozi sindiziwerenga. Ndawapempha kuti tiyambe tatumiza Chisinhala chokha, akana.

Wa ku Johannesburg: Achita bwino kukana, achimwene. Kumeneko nkhani ya chinenero ndi chilonda. Lamulo la 1956 linaika Chisinhala chokha kukhala cha boma, Atamil anakankhidwira pambali, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zinakolezera nkhondo yomwe inatha mu 2009. Chitamil chinavomerezedwa ngati cha boma mu 1987, posintha malamulo a dziko kachi 13. Mayi wa ku Jaffna, mzinda wa Atamil ambiri, sangadikire kapepala kake kuti kabwere pambuyo. Tiuzeni dzina la font ya Chitamilyo mu Word.

Wa ku Zomba: Yalembedwa Bamini, achemwali.

Wa ku Johannesburg: Ndiye vuto ndi limenelo. Bamini si Unicode (ndondomeko yapadziko lonse yopatsa chilembo chilichonse nambala yakeyake), imangoveka zilembo za Chingerezi maonekedwe a Chitamil. Pakompyuta popanda font imeneyo, chovala chimavuka. FM Abhaya ya Chisinhala imachitanso chimodzimodzi. Womasulira atumizenso mu Unicode, musasinthe nokha.

Wa ku Leeds: Chisinhalacho ndikuganiza kuti chili kale mu Unicode. Pali mavawelo, monga kombuva, amene amatayipidwa pambuyo pa konsonanti koma amaonekera kutsogolo kwake. InDesign siwasuntha pokhapokha musankhe World-Ready Paragraph Composer. Font ikhale Noto Sans Sinhala kapena Iskoola Pota, Chitamil Noto Sans Tamil. China, musayeretse mawuwo ndi find/change. Muli kachizindikiro kosaoneka, U+200D, komwe kamamanga zilembo pamodzi. Kakachoka, ngakhale mawu oti Sri amamasuka. Mukukumbukira mmene ŵ wathu ankasandukira kabokosi? Ululu wake ndi womwewo.

Wa ku Zomba: Ndayatsa Composer, timizere tabwerera m'malo mwake! Koma ndinayeretsa kale dzulo.

Wa ku Leeds: Tengani fayilo yoyamba ija muikenso. Mukamaliza, PDF ipite kwa omasulira onse awiri aione ndi maso awo, makamaka pomwe mizere yadukira.

Wa ku Zomba: Ndawalembera kale za Bamini. Akuti Chitamil cha Unicode chifika mawa m'mawa. Zikomo kwambiri nonse.