Mpiru ukafota kenako n'kudzuka, ndi maselo amenewo?

Mayi wa ku Kamwendo:
Moni nonse. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 1, ndipo sabata ino wabwera ndi zojambula zitatu m'kope la Biology: selo la nyama, la chomera ndi la bakiteriya. Mayina akuwaloweza bwinobwino, koma ndikamufunsa ntchito ya vacuole amangondiyang'ana. Kusukulu kwawo maikulosikopu ilipo imodzi, nayonso inawonongeka kalekale. Ine ndinalekezera Fomu 2, zambiri ndinaiwala, koma sindikufuna kuti mwanayu azingoloweza zinthu zimene sakuzimva.

Dzulo masana tinali kudimba, mpiru wonse utafota, masamba ali lende. Tinathirira, ndipo pofika madzulo unali utadzuka. Mwana anati, "Amayi, ndi maselo amenewo," koma analephera kufotokoza. Akunena zoona? Chinanso: mwezi watha mlongo wake anali ndi chimfine, kuchipatala anatiuza kuti amoxicillin sangathandize chifukwa si bakiteriya. Zikugwirizana bwanji ndi zojambulazi?

Mphunzitsi wa ku Kapiri:
Mayi, mwana wanu walasa. Mumuuze aganizire gudumu la njinga ya kabaza. Selo la chomera lili ndi khoma lolimba kunja, cell wall, lopangidwa ndi cellulose: limenelo ndiye tayala. M'kati muli thumba lalikulu la madzi, vacuole: imeneyo ndiye chubu. Madzi akalowa, thumbalo limafufuma n'kukankha khoma, selo limalimba gwa, tsamba n'kuimirira. Dzuwa likaswa mtengo, masamba amataya madzi mofulumira kuposa mmene mizu ikukokera, chubu chija chimaphwa, mpiru n'kugona.

Selo la nyama lilibe khoma, lili ndi kachikopa kopyapyala kokha, cell membrane, kamene kamasankha cholowa ndi chotuluka. N'chifukwa chake selo lofiira la magazi likaikidwa m'madzi wamba limamwa madzi mpaka kuphulika, ndipo dilipi ya saline kuchipatala imakhala ndi mchere wa 0.9 peresenti. Zomera nazo kachikopaka zili nako, kamakhala m'kati mwa khoma. Mukathira feteleza wambiri pafupi ndi tsinde la mbande, madzi amatuluka m'maselo a mizu kupita kudothi, ndiye timati feteleza wawotcha.

Maikulosikopu isakudandaulitseni. Dulani mbatatesi tizidutswa tiwiri tofanana, kena muike m'madzi wamba, kena m'madzi amchere wambiri. Pakatha ola limodzi apinde tonse tiwiri ndi zala zake.

Pamene ana anga amagwa kawirikawiri ndi apa: amaganiza kuti chomera chili ndi chloroplast basi, nyama ndiye ili ndi mitochondria. Ayi. Chloroplast imapanga shuga pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya wa carbon dioxide, koma shugayo kuti atulutse mphamvu amafunika mitochondria, ndipo zomera zili nazo ngati ife tomwe. Komanso si selo lililonse la chomera lili ndi chloroplast, muzu ulibe. Nucleus ndiye mosungira DNA, malangizo a ntchito zonse za selo.

Wa zaumoyo, pa boma:
Aphunzitsi afotokoza bwino, ine nditengeko funso la mankhwalalo chifukwa limandikhudza tsiku ndi tsiku. Bakiteriya ndi selo limodzi lokha, laling'ono kwambiri. Alibe nucleus, DNA yake imangokhala mu cytoplasm, zamadzimadzi zodzaza m'kati mwa selo, alibenso mitochondria. Khoma ali nalo, koma si la cellulose, ndi la peptidoglycan. Penicillin, amene Alexander Fleming anatulukira mu 1928, ndi m'bale wake amoxicillin amalepheretsa bakiteriya kumanga khomalo, ndiye akamakula amaphulika. Maselo athu khoma limenelo alibe, choncho mankhwalawo sapeza chogumula mwa ife. Mankhwala ena monga doxycycline amagwira ma ribosome a bakiteriya, mopangira mapuloteni, amene ndi osiyana ndi athu.

Chimfine chimabwera ndi vairasi, ndipo vairasi si selo n'komwe. Ilibe khoma, ilibe ribosome, imalowa m'maselo athu n'kumachulukana momwemo. Amene anakuonani uja anachita bwino. Kachilombo ka malungo nako si bakiteriya, kali ndi nucleus, n'chifukwa chake timapereka LA.

Chimene chimandiwawa mtima ndi makapisozi amene anthu amagula pamsika, n'kumwa awiri atatu basi. Pa chojambula cha mwana wanu muonepo timizere tozungulira totchedwa plasmid. Ndi tizidutswa ta DNA timene mabakiteriya amatha kupatsirana, ndipo tina timanyamula nzeru yopherera mphamvu ya mankhwala. Tikamamwa mwachisawawa, otsala ndi opirirawo, ndiwo amachulukana.

Mlimi wa soya, Mkanda:
Mayi, musamuopsezenso mwanayo kuti mabakiteriya onse ndi matenda. Dzinja likubwerali azule phata la soya kapena la mtedza, aone timibulu ta kumizu. Mmenemo mumakhala mabakiteriya a rhizobium, amene amatenga nayitirojeni mumpweya n'kupatsa mbewu. Akang'amba kambulu n'kupeza kofiirira m'kati, ndiye kuti akugwira ntchito. Inokulanti amene timasakaniza ndi mbewu ya soya tisanadzale ndi mabakiteriya omwewo.

Mayi wa ku Kamwendo:
Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Za mbatatesi tayesa m'mawa uno asanapite kusukulu. Ka m'madzi amchere kanali wedewede, ka m'madzi wamba kanathyoka kuti thyo! Wafotokoza yekha za chubu ndi tayala ndisanamufunse. Aphunzitsi, watinso ndikufunseni: ngati muzu ulibe chloroplast, shuga wake umamutenga kuti?

Mphunzitsi wa ku Kapiri:
Amatsika kuchokera kumasamba kudzera m'timitsempha totchedwa phloem. Mumufunse kuti chinangwa chimanenepa ndi chiyani pansi pa nthaka pomwe dzuwa silifika, andiyankhe mawa.