Wodwala wa opaleshoni ya m'mimba akukana kudzuka pabedi: ndichite bwanji?

Wophunzira unamwino

Ndikupempha nzeru kwa inu akuluakulu amene mwakhalitsa pantchitoyi. Ndili m'chaka chachiwiri ndipo ndikusamalira bambo wa zaka 58 amene anachitidwa opaleshoni ya matumbo dzana. Dokotala analemba kuti wodwalayo ayambe kukhala tsonga ndi kuyenda pang'onopang'ono, koma iwo akukanitsitsa, akuti ulusi uduka ndipo bala litseguka. Ngakhale chifuwa chikawagwira, amachiletsa pogwira pakamwa ndi dzanja, nkhope itachita tsinya chifukwa cha ululu. Ndikawayang'ana ndimamva chisoni, ndipo ndikufunsa ngati pali cholakwika kuwasiya kaye agone masiku angapo mpaka bala litayamba kupola.

Sisitala wa wodi ya opaleshoni

Mwana wanga, chisoni chakocho ndi chabwino, koma kugona kumene ukuwafunirako ndi kumene kungawabweretsere matenda awiri oopsa kuposa balalo. Munthu amene wagonekedwa ndi mankhwala, kenaka n'kumamva ululu pamimba, amapuma mwapamwamba chabe, moti timatumba ta mpweya ta m'munsi mwa mapapo timaphwa ndipo makhololo amaunjikana m'menemo. Kutentha thupi kukayamba, chibayo chikhoza kukhala kuti chalowa kale pakhomo.

Bambowo sakukana chifukwa chouma mutu, akukana chifukwa cha ululu ndi mantha, choncho yamba ndi zimenezo. Apatse mankhwala ochepetsa ululu amene dokotala analemba pafupifupi mphindi 30 usanawadzutse. Kenaka tenga pilo, uwaonetse mmene angamukumbatirire molimba pamwamba pa bala pamene akutsokomola, ndipo uwauze momveka kuti ulusi umene adasokedwa nawo unapangidwa kuti upirire chifuwa. Apume mozama kakhumi pa ola lililonse limene ali maso. Ngati akulandira morphine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, uziwerenga kapumidwe kawo, chifukwa mankhwalawa amachedwetsa kupuma komanso matumbo.

Namwino wa odwala mwakayakaya

Ndikuvomereza zonse zimene Asisitala anena, ndipo ndikufuna kutsindika pa vuto lachiwiri, limene ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha ya mkati mwa mwendo. Zinthu zitatu zimene zimachititsa vutoli zimatchulidwa ndi dzina la Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1800: magazi kuyenda mochedwa, kuvulala kwa khoma la mtsempha, ndi magazi kukhala okonda kuundana. Wodwala amene wangochitidwa opaleshoni n'kugona osagwedezeka ali nazo zonse zitatu nthawi imodzi.

Tsiku lililonse vundukulani miyendo yonse iwiri ndi kuifananitsa. Mwendo umodzi ukatupa, ukatentha kapena ukamapweteka pa katumba, musausisite ngakhale wodwala atapempha, chifukwa chibulumwa cha magazicho chingathothoke n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo. Uzani dokotala nthawi yomweyo. Ine ndinaonapo mayi amene ankacheza bwinobwino, kenaka mwadzidzidzi anayamba kubanika, mtima ukugunda mothamanga ndiponso milomo itasintha mtundu, ndipo chiyambire tsiku limenelo sindinyozera jekeseni yoletsa magazi kuundana ya heparin kapena enoxaparin imene yalembedwa pa tchati. Musaikenso pilo kunsi kwa mawondo, popeza amapanikiza mitsempha.

Mphunzitsi wa anamwino

Achemwali, musawaimiritse mwachangu tsiku loyamba. Atembenukire chammbali, atsitse miyendo pansi, akhale m'mphepete mwa bedi mphindi zingapo pamene inu mukuyeza BP ndi kuwafunsa ngati akumva chizungulire, ndipo mukhale awiri powagwira. Onetsetsani kuti diripi ndi machubu onse sakukokeka. Muwafunsenso ngati aphwisa, ngakhale funsoli limawachititsa manyazi anthu achikulire, chifukwa ndi chizindikiro chakuti matumbo ayambanso kugwira ntchito, ndipo kuyenda kumathandiza zimenezi.

Wophunzira unamwino

Zikomo kwambiri nonse. Masana ano tinawapatsa mankhwala, tinadikira theka la ola, ndipo anakhala m'mphepete mwa bedi atakumbatira pilo. Anatsokomola katatu n'kutulutsa makhololo ambiri, kenaka anaima ndi kuyenda mpaka pachitseko cha chipinda. Miyendo yawo yonse iwiri sinatupe, ndipo mawa tikufuna kuti afike kumapeto kwa khonde.