Bambo akunyumba akupita ku DRC, ndiwayambe bwanji nkhani ya HIV?

Mayi wa ku Chilomoni:
Amuna anga ndi msilikali, anyamuka mwezi wamawa. Yunifolomu ndawasitira kale, koma tulo sindikupeza. Zipolopolo ndikuziopa, kachilombonso ndikukaopa. Ndiyankhule bwanji osawakhumudwitsa?

Namwino wa ku Ndirande:
Achemwali, kayezetseni limodzi asananyamuke, akadzabweranso chimodzimodzi. Mukafunsenso za PrEP, mankhwala othandiza munthu amene alibe HIV kuti asaitenge. Makondomu alongedzeni nokha m'chikwamamo, musachite manyazi.

Msilikali wopuma, Bangwe:
Ndinali ku Beni, kum'mawa kwa DRC, ndi MONUSCO, gulu la UN losungitsa mtendere m'dzikolo. Malamulo a UN amaletsa kugona ndi mwana wosakwana zaka 18, kapena kunyengerera mkazi ndi ndalama ngakhale chakudya. Wolakwa amabwezedwa kwawo. Sindimuiwala mtsikana wina amene zigawenga zinamugwiririra. Anayenda wapansi masiku anayi kupita kuchipatala, mapazi atatupa. PEP, mankhwala oteteza ku HIV munthu amene zotere zamuchitikira, imafunika kuyamba pasanathe maola 72, iye anafika mochedwa. Mpaka lero zimandiwawa.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse. Ndiwauza usiku uno ana akagona.