Nyumba ya chiyembekezo: timange tokha, kapena tidzere ku komiti ya khonsolo?

Mlembi wa gulu:
Abale ndi alongo nonse, monga munandituma pamsonkhano wathu wapitawu, ndinapita ku boma kukafufuza za kalata yathu yopempha chilolezo chomanga nyumba ya chiyembekezo, yodikiriramo amayi oyembekezera, pachipatala chathu chaching'ono. Kalatayo inafika ndithu, ndipo ndinaiona ili m'failo, koma komiti ya zaumoyo ndi zachilengedwe sinaikambirane pomwe inakumana. Chifukwa chomwe ndinauzidwa n'chakuti nkhaniyi sinadzere ku ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu, kotero palibe maminitsi osonyeza kuti anthu a m'deralo anaikambirana n'kuiika pamndandanda wa zosowa zawo. Ndinauzidwanso kuti chilichonse chomangidwa pamalo a chipatala cha boma chimafuna pulani yovomerezedwa ndi ofesi ya zomangamanga. Ndatula nkhaniyi kwa inu kuti tione chochita, popeza ndalama zomwe tinasonkha zangokhala ku banki, ndipo mwezi uliwonse ukatha zikugula matumba a simenti ochepa kuposa kale.

Membala wokhala ku Johannesburg:
Bambo Mlembi, zikomo chifukwa cha ulendo wanu, koma yankho lomwe mwabwera nalo landipweteka mtima. Ife sitinapemphe ndalama ku khonsolo. Tinangopempha kuti atilole kuthandiza amayi athu ndi thukuta lathu. Mlamu wanga anachilira pangolo chaka chatha, usiku, mtsinje utadzaza, chifukwa analibe malo odikirira pafupi ndi chipatala. Kodi mayi wotere tikamuuze kuti adikire maminitsi? Mafumu anavomera kale, ndipo achinyamata anaumba njerwa n'kuziotcha. Maganizo anga ndi akuti tipeze mmisiri, tikumbe maziko mvula isanagwe, ndipo akadzaona nyumba itaima adzabwera okha kudzaitsegulira.

Aphunzitsi opuma:
Mwana wanga wa ku Johannesburg, ululu wanu ndaumva, ndipo palibe pagulu pano amene akufuna kuti amayi azichilira panjira. Komabe ndiloleni ndilankhule monga munthu amene anakhalapo mu ADC kwa zaka zingapo.

Chiyambireni 1998, pomwe boma linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, chitukuko chimayenera kuyambira pansi. VDC, komiti ya chitukuko ya m'midzi yomwe imakhala kwa gulupu, imasonkhanitsa zosowa za midzi. ADC, yomwe imakhala kwa mfumu yaikulu, imasanja zosowazo kuti chiyambe n'chiti. Akuluakulu a maofesi a boma amene amakumana mu DEC amaziunika. Kenako zimalowa ku komiti yoyenera ya makhansala, ndipo pomaliza khonsolo yonse imavomereza. Lamulolo linatchula makomiti a zachuma, a chitukuko, a maphunziro, a zomangamanga, a zaumoyo ndi zachilengedwe, komanso oona za antchito. Ntchito yeniyeni imachitikira m'makomitimo, chifukwa khonsolo yonse ikakumana nthawi zambiri imangolandira malipoti awo n'kuwavomereza kapena kuwabweza. Nkhani yomwe sinadutse ku komiti imafika ku khonsolo ngati mlendo wopanda womuperekeza.

Vuto lathu ndi lakuti tinazolowera njira ina. Makhansala oyamba mu ulamuliro wa zipani zambiri tinawasankha mu 2000, ndipo nthawi yawo itatha mu 2005 sitinasankhenso ena mpaka 2014. Zaka zonsezo aliyense wofuna mjigo kapena mlatho ankangolunjika kwa bwanamkubwa kapena kwa phungu. Ifenso tinachita chimodzimodzi polemba kalata yathu: tinalumpha mudzi, tinalumpha khansala, n'kukagogoda ku boma. Amene anatibweza sanalakwe.

Tsono za kumanga osafunsa. Kuimika khoma si kovuta. Funso ndi lakuti nyumbayo ikatha adzalipira ndani madzi ndi magetsi, adzaika ndani mlonda, adzakonza ndani denga likasasuka? Ndinaonapo mdadada wa sukulu womwe anthu akufuna kwabwino anamanga osadzera kulikonse. Mphepo itasasula malata, akhonsolo anati nyumbayo mulibe m'kaundula wa katundu wawo, omanga aja anali atapita kalekale, ndipo ana anabwerera pansi pa mtengo. Za njerwa mwatchulazo ndikuchenjezeninso: kuyambira 2018 malamulo salola njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma, kotero mainjiniya akhoza kukana nyumba yonse chifukwa cha chinthu chomwe tikadachidziwa tikadayamba tafunsa.

Membala amene ndi namwino:
Bambo Wapampando ndi makolo nonse, ine ndine namwino komanso mzamba, ngakhale ndikugwira ntchito m'boma lina, ndipo ndikufuna kuwonjezera pa mawu a Aphunzitsi. Nyumba ya chiyembekezo imakoka amayi ambiri, ndipo ndicho cholinga chake. Koma mayi aliyense amabwera ndi womudikirira, kotero pamafunika zimbudzi, mabafa, khitchini ndi madzi okwanira, osati chipinda chogona chokha. Chachikulu koposa ndi azamba. Ngati pachipatala pali azamba awiri okha, mmodzi akapita ku tchuthi kapena ku maphunziro mnzakeyo amagwira usana ndi usiku, ndipo ife tikhala titamuwonjezera amayi popanda kumuwonjezera dzanja. Otumiza antchito ku zipatala zing'onozing'ono ndi a ofesi ya zaumoyo ya khonsolo, ndipo mafuta a ambulansi yotengera mayi wovutika kupita ku chipatala chachikulu amachokera mu bajeti yomweyo. Zonsezi gulu lathu silingazigule.

Ambiri mukukumbukira kuti nthawi ya Mayi Joyce Banda, kuyambira 2012, nkhani ya uchembere wabwino inalimbikitsidwa kwambiri ndipo nyumba za chiyembekezo zinamangidwa m'madera osiyanasiyana. Pa zomwe ndaziona ine, kusiyana kwa nyumba yothandiza ndi nyumba yongoima kumakhala pa antchito ndi madzi. Ndifunse mosabisa: alipo mwa ife amene anakhala pansi ndi oyang'anira chipatalacho pamodzi ndi komiti ya pachipatala n'kuwafunsa chomwe chikuwasowa kwenikweni? Mwina angatiuze kuti mzamba wachitatu anakana kubwera chifukwa chosowa nyumba yogona, ndipo ngati zili choncho, choyamba kumanga ndi nyumba ya antchito.

Membala wokhala ku Johannesburg:
Achemwali, funso lanu ndi lomveka, ndipo ndivomereze kuti ine sindinawafunse. Koma inu ndi Aphunzitsi mukulankhula ngati makomitiwo amakumana pa nthawi yake. Zomwe timamva ndi zakuti misonkhano imalephereka kawirikawiri chifukwa chosowa ndalama za mafuta ndi maalawansi. Ngati chotchinga ndi chimenecho, titapeko pang'ono m'thumba lathu, tilipire tsiku limodzi la msonkhano wa komiti ya zaumoyo, atikambirane nkhani yathu, ntchito iyambe.

Msungichuma:
Achimwene, pamenepo ndiye ndikana ndithu. Anthu anasonkha ndalama za nyumba, ndipo m'buku langa mzere uliwonse ndinalemba kuti ndi za nyumba. Sindingakaime pamaso pa agogo amene anapereka kuchokera pa ndalama zawo zochepa za penshoni n'kuwauza kuti zina zinapita ku maalawansi. Ndinenenso pano kuti ngakhale titagwirizana zodzera ku khonsolo, ndalamazi zisalowe mu akaunti yawo. Tisainirane mgwirizano wolembedwa: ife tigule zipangizo ndi kulipira mmisiri, iwo apereke pulani ndi injiniya woyendera ntchito, ndipo alonjeze m'kalata kuti nyumbayo ikatha adzailandira kukhala katundu wawo.

Membala wochita malonda:
Za akaunti ndikugwirizana nanu, Mayi Msungichuma, koma za msonkhano tisadzinamize. Mabungwe akafuna kufotokoza ntchito zawo ku DEC amalipira okha zoyendetsera msonkhanowo, ndipo palibe amene amati ndi ziphuphu. Chifukwa chiyani ife tokha tichite manyazi?

Aphunzitsi opuma:
Zomwe mwanenazo zimachitikadi, koma pali kusiyana komwe sitiyenera kukuphonya. DEC ndi bwalo la akatswiri olembedwa ntchito, ndipo limangopereka uphungu. Komiti ya zaumoyo ndi ya makhansala osankhidwa, amene ayenera kuyeza pempho lathu pamodzi ndi mapempho a mawodi ena onse. Tikawalipirira tsikulo, khansala wa wodi ina yomwe ilibe ana ake ku Johannesburg adzakhala ndi chifukwa chonenera kuti mzamba anapita kwathu chifukwa tinagula msonkhano. Ndipo tikayamba lero, nkhani yathu iliyonse idzadikira kuti titulutse kaye kanthu.

Membala wophunzira zamalamulo:
Makolo anga, ndiloleni ndiikepo mawu ngakhale ndine wamng'ono. Tikukamba za makomiti ngati ndi zipinda zotseka, pomwe lamulo la maboma ang'onoang'ono limalola anthu kukhala nawo pamisonkhano ya khonsolo ndi ya makomiti ake, pokhapokha iwo atagwirizana kukambirana nkhani ina paokha. Sitingavote kapena kulankhula popanda chilolezo cha wapampando wawo, koma tikhoza kukhala pansi n'kumva yemwe waitchula nkhani yathu ndi yemwe waikankhira kutsogolo. Khansala amalankhula mosiyana akadziwa kuti anthu a kwawo ali kumbuyo kwake akumvetsera.

Tilinso ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza mauthenga, lomwe linasainidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito mu September 2020. Ndi lamulo limeneli tikhoza kupempha m'kalata maminitsi a komiti ya zaumoyo, kalendala ya misonkhano, komanso dongosolo la chitukuko cha boma lathu, lomwe amalitcha DDP. Ngati chipatala chathu chili kale m'dongosolomo, tili ndi poimira popempha kuti ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, kapena thumba lina la chitukuko limange nyumba ya mzamba pomwe ife tikumanga chiyembekezo. Tikumbukirenso kuti chaka cha zachuma cha boma chimayamba pa 1 April, ndipo bajeti imakonzedwa miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Tikachedwa kulowetsa nkhani ya madzi, mlonda ndi mzamba, tidzadikira chaka china chathunthu ngakhale nyumba itatha.

Membala wa VDC wokhala kumudzi:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma tsopano ndilankhule. Ife a VDC nkhani ya nyumbayi tinaimvera kwa achinyamata pomwe ankaumba njerwa. Palibe anatifunsa, ndipo ena zinawakhumudwitsa, ngakhale tonse tikuyamikira mtima wanu. Pomwe tinkalemba zosowa za midzi yathu, choyamba chinali mlatho pamtsinje womwe uja unatsekereza mlamu wanu, achimwene, chifukwa umatsekerezanso ana a sukulu ndi odwala ena onse. Chachiwiri chinali nyumba ya antchito pachipatala, monga achemwali anamwino aganizira, ndipo chiyembekezo chinali chachitatu. Sindikunena kuti musinthe cholinga cha ndalama zanu, koma dziwani kuti ku ADC mudzafunsidwa za mndandanda umenewu, ndipo ndi bwino yankho likonzedwe tisanafike kumeneko. ADC ikumana kumapeto kwa mwezi uno, ndipo mukandipatsa kalata ndikhoza kuitengera ku VDC sabata yamawa kuti ikalowe. Chinanso, mukamaitana khansala muitanenso phungu tsiku lomwelo, chifukwa mukayamba ndi mmodzi winayo adzaona ngati nyumbayi ndi ya mnzake, ndipo ife otsala kuno ndi amene timavutika nazo.

Membala wokhala ku Johannesburg:
Mayi, pepani kuti tinakudumphani. Sichinali chipongwe, koma changu. Za mlathozo sindingatsutse, popeza ndi mtsinje womwewo unatichititsa zonsezi. Komabe ndalama zathu sizingakwane mlatho, ndipo ndikuopa kuti tikatsegula nkhani ya mndandanda tidzakambirana mpaka chaka chamawa popanda njerwa imodzi yoikidwa.

Wapampando:
Ndathokoza nonse. Pa zomwe ndamva, ambiri sakufuna kuti timange popanda chilolezo, ndipo ambiri akukana kulipira msonkhano wa komiti, kotero ziwirizi tazisiya. Bambo Mlembi alembe kalata yopita ku VDC pofika Lachisanu, ndipo mayi athu a kumudzi aitenge. Achemwali anamwino alankhule ndi oyang'anira chipatala pamodzi ndi komiti ya pachipatala, atibweretsere chiwerengero cha azamba omwe alipo komanso za madzi. Mwana wathu wa zamalamulo alembe pempho la maminitsi, kalendala ndi DDP. Ineyo ndi Aphunzitsi tikaonana ndi khansala ndi phungu, ndipo tsiku lomwe komiti ya zaumoyo idzakumane tikakhala nawo. Nkhani yoti ndalama zikhalebe za chiyembekezo kapena zipite ku nyumba ya antchito sindiigamula pano, chifukwa eni ake ndi onse amene anasonkha. Tidzavota tikalandira lipoti la ku chipatala. Mayi Msungichuma afufuze ngati n'kotheka kuguliratu malata ndi zitsulo, zomwe sizionongeka posunga, kuti ndalama zisapitirire kutha mphamvu. Simenti tisagule, chifukwa ikakhalitsa imauma.

Membala wokhala ku Johannesburg:
Ndavomera, Bambo Wapampando, koma Bambo Mlembi alembe m'maminitsi athu kuti ndapempha malire a nthawi: komiti ikalephera kukumana kawiri motsatizana, nkhaniyi ibwererenso pagulu pano. Ndipo wina andiuze chomwe tikawauze achinyamata aja za njerwa zawo.

Membala wa VDC wokhala kumudzi:
Njerwazo zisakudetseni nkhawa, achimwene. Ndifunsa amfumu ngati angalole kuti zigulitsidwe kwa omanga nyumba zawo, ndalamazo zikagule mchenga ndi miyala ya maziko. Achinyamatawo ndilankhula nawo ndekha Lamlungu tikatuluka ku tchalitchi.